Msewu wotakata wa ku New York

Kumpoto kwa chilumba cha Manhattan, mumzinda wa New York, kuli chitunda chotchedwa Morningside Heights. Munthu akatsika sitima yapansi panthaka ya nambala 1 pa siteshoni ya 116th Street amatulukira pachipata cha Columbia University. Akapitirira pang'ono mumsewu wa Broadway kulowera kumpoto amafika pa West 120th Street, ndipo kutsidya kwake kwandandalika nyumba zakale za njerwa zofiira, zamadenga osongoka, zogundanagundana. Pamenepo ndiye pa Teachers College, sukulu yosula akatswiri a zamaphunziro, imene masiku ano imalandira okhawo amene ali nayo kale digiri yoyamba.

Anthu a kumeneko ali ndi nthabwala yakalekale yoti 120th Street ndi msewu wotakata kuposa misewu yonse padziko lapansi. Kuuona, ndi msewu wamba, woti ndi mwana yemwe amawoloka osatopa. Kutakata kwake kuli m'mitu ya anthu. Kwa zaka zambiri mapulofesa a kutsidya la kummwera, a zamalamulo, mbiri ndi sayansi, ankayang'ana anzawo a kumpoto ndi diso lonyoza: kuphunzitsa ana nako n'chinthu choti munthu angatengere digiri ya udokotala? Mu 1930 Abraham Flexner, m'buku lake lofananiza mayunivesite a ku America, England ndi Germany, anaseka poyera ena mwa maphunziro a pasukuluyi. Chonsecho madigiri a ophunzira ake amatuluka m'dzina la Columbia University, ngakhale kuti sukuluyi ili ndi pulezidenti wakewake, bodi yakeyake ndi thumba lakelake.

Onyozawo anali ndi pogwira, chifukwa sukuluyi inabadwiradi kukhitchini. Mu 1880 mtsikana wina, Grace Hoadley Dodge, wa kubanja lolemera ndi malonda a zitsulo la kampani ya Phelps, Dodge & Co., anayambitsa pamodzi ndi anzake bungwe la Kitchen Garden Association. Nthawi imeneyo New York inali itadzaza ndi amphawi obwera kuchokera ku Ulaya, othithikana m'tizipinda. Bungwelo linkasonkhanitsa ana awo aakazi n'kumawaphunzitsa kusesa, kutsuka mbale, kuyala pabedi ndi kukonza patebulo, pogwiritsa ntchito timbale ndi timatsache toseweretsa. Tisabise mawu: uku kunali kukonzekeretsa ana a anthu osauka kuti adzakhale amayi apanyumba aukhondo, kapena antchito a m'nyumba za olemera. Mu 1884 bungwelo linakula n'kukhala Industrial Education Association, n'kuonjezera ukalipentala ndi zojambula kuti anyamata nawo apezepo chochita. Apa ndipo vuto linaonekera. Ana analipo, ndalama zinalipo, koma aphunzitsi odziwa kuphunzitsa zinthu zimenezi kunalibe.

Ndiye mu 1887 anatsegula sukulu ya aphunzitsi pa 9 University Place, kumunsi kwa Manhattan, ndipo anaika mnyamata wazaka 25, Nicholas Murray Butler, kukhala mkulu wake. Pambali pake anatsegula sukulu ya ana, Horace Mann School, yoti ophunzira uphunzitsi aziyeserapo ntchito. Dzina loti Teachers College linabwera mu 1892, mu 1894 sukulu inasamukira pachitunda paja, pamalo amene George Vanderbilt anapereka, ndipo mu 1898 inalumikizidwa ndi Columbia. Grace Dodge, amene sanapondeko ku koleji, anakhala msungichuma wake kwa zaka zambiri, akuyendayenda kwa anzake olemera kupempha ndalama zomangira.

Oyamba kulowa pakhomo limeneli ambiri anali akazi. Izi sizinali zazing'ono. Koleji ya Columbia yeniyeni, ya digiri yoyamba, inayamba kulandira atsikana mu 1983. Kalelo mtsikana wofuna maphunziro apamwamba pachitundapo ankalowera ku Barnard College kapena ku Teachers College. Whittier Hall, nyumba yogona ya nsanjika zambiri imene inamangidwa mu 1901 m'mbali mwa Amsterdam Avenue, inamangidwira akazi amenewa. Mpaka lero, mwa ophunzira anayi alionse pasukuluyi, pafupifupi atatu ndi akazi.

Amene anaichotsa kukhitchini n'kuikweza ndi James Earl Russell, yemwe anaitsogolera kwa zaka pafupifupi 30 mpaka mu 1927, pomwe mpando unatsalira mwana wake William. Russell anali ndi diso losankha anthu. Mu 1899 analemba ntchito Edward Thorndike, mnyamata amene anatchuka potsekera amphaka m'timabokosi kuti aone momwe amaphunzirira kutsegula chitseko. Thorndike ankakhulupirira kuti chilichonse chimene mwana waphunzira chingayezedwe ndi manambala, ndipo anathera moyo wake akupanga mayeso ndi masikelo. Mu 1904 kunabwera John Dewey, amene udindo wake unali kutsidya lija, ku dipatimenti ya filosofi, koma ankawoloka msewu kudzaphunzitsa aphunzitsi. Iye ankati mwana amaphunzira pochita, ndipo sukulu iyenera kukhala mudzi waung'ono momwe ana amazolowera kukhala ndi anzawo mwaufulu. Wophunzira wake, William Heard Kilpatrick, ankadzaza holo ndi anthu mazanamazana nthawi imodzi, mpaka anamupatsa dzina loti pulofesa wa madola miliyoni, poti fizi ya omumvera inapyola pamenepo. Panalinso Patty Smith Hill wa sukulu za mkaka, yemwe ndi mchemwali wake anapeka kanyimbo kamene dziko lonse limaimbira munthu pa tsiku lake lobadwa, ndi Adelaide Nutting, amene mu 1907 anakhala namwino woyamba kupatsidwa upulofesa pa yunivesite. Ngakhale utoto wachikasu wa mabasi a sukulu ku America unagwirizanidwa pamsonkhano umene Frank Cyr anaitanitsa pomwepa mu 1939. Kunena zoona, Dewey ndi amene amatchulidwa kwambiri m'mabuku a uphunzitsi, koma ukalowa m'kalasi, kulikonse padziko, upeza kuti mayeso ndi malikisi ndiwo akulamula.

Komabe mbiri ya malowa imamveka bwino ukasiya mapulofesa n'kuyang'ana pakhomo: ankalowa ndani, ndipo ankawalipirira ndani.

Miyezi ya July ndi August ku New York kumatentha kosautsa, ndipo masukulu amakhala atatseka. Nyengo imeneyi aphunzitsi zikwizikwi ochokera m'madera onse a America ankakhamukira pachitundapo kudzachita maphunziro a milungu isanu ndi umodzi. Munthu ankabwera chaka ndi chaka, akuunjika pang'onopang'ono, mpaka digiri ya masitala itakwana. Pakati pawo panali aphunzitsi akuda ochokera kummwera kwa dzikolo, ndipo nkhani yawo ndi yodabwitsa. M'zigawo za kummwera lamulo linkalekanitsa azungu ndi anthu akuda kuyambira ku pulayimale mpaka ku yunivesite. Mayunivesite aboma amene ankapereka madigiri apamwamba anali a azungu okha. Pofuna kudzitchinjiriza ku milandu, maboma a zigawozo anayamba kupereka ndalama kwa mphunzitsi wakuda kuti akaphunzire kutali, kumpoto, bola asaponde pa yunivesite ya kwawo imene msonkho wake womwe unkathandiza kuyendetsa. Mu 1938, pamlandu wa Lloyd Gaines wa ku Missouri, khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti kutero sikukwaniritsa chilungamo, koma zigawo zambiri zinapitiriza kwa zaka zinanso.

Teachers College inali imodzi mwa sukulu zimene zinalandira ochuluka mwa aphunzitsi amenewa. Ankanyamuka kwawo m'mabogi a sitima opatulidwira anthu akuda, atanyamula kamba wapaulendo poti m'malo odyera a m'njira sankaloledwa. Akafika, ambiri ankapeza malo ogona ku Harlem, kumunsi kwa chitunda, kuseri kwa Morningside Park, kwa achibale, kwa a mpingo kapena m'nyumba za lendi, ndipo mmawa uliwonse ankakwera chitunda kupita m'kalasi. Zotsatira zake tsankho silinaziyembekezere. Aphunzitsi amene anathamangitsidwa kwawo aja ankabwerera ndi madigiri a Columbia, ndipo m'madera ena a kummwera aphunzitsi akuda anafika pokhala ophunzira kuposa anzawo achizungu. Marion Thompson Wright anatenga udokotala wake pomwepa mu 1940, atafufuza mbiri ya maphunziro a anthu akuda ku New Jersey. Shirley Chisholm, mwana wa ku Brooklyn amene mu 1968 anakhala mayi woyamba wakuda kusankhidwa kupita ku nyumba ya malamulo ya Congress, anatenga masitala yake pasukuluyi akugwira ntchito m'sukulu za mkaka. Chomvetsa chisoni n'chakuti khoti litathetsa tsankho la m'sukulu mu 1954, pamlandu wa Brown, masukulu ambiri a anthu akuda anatsekedwa ndipo aphunzitsi awo zikwizikwi anachotsedwa ntchito, madigiri ali m'manja.

Alendo akunja nawo anayamba kubwera msanga. Kuo Ping-wen wa ku China anamaliza udokotala mu 1914, ndipo pambuyo pake panadza Tao Xingzhi ndi Chen Heqin, anthu amene anakasintha masukulu a kwawo. Dewey mwiniwake anakakhala ku China kuyambira 1919 mpaka 1921. Koma moyo wa mlendo pachitundapo unali wosungulumwa. Anthu amakumbukirabe za Harry Edmonds, wogwira ntchito ku YMCA, amene mu 1909 anapatsa moni wophunzira wina wa ku China pamasitepe a laibulale ya Columbia. Mnyamatayo anaima n'kumuthokoza, nati patha milungu itatu chifikire ku New York popanda womulankhula. Moni umenewo ndi umene unabala International House, nyumba yogona ophunzira a mitundu yonse imene inatsegulidwa mu 1924 m'mbali mwa mtsinje wa Hudson ndi ndalama za John D. Rockefeller Jr. Chaka chimodzi izi zisanachitike, ndalama za Rockefeller yemweyo zinali zitatsegula International Institute pa Teachers College, motsogozedwa ndi Paul Monroe, yoti izisamalira ophunzira akunja ndi kufufuza masukulu a maiko ena.

Apa ndi pamene nkhaniyi imatifika ife. James Kwegyir Aggrey, wobadwira ku Anomabu m'dziko la Gold Coast mu 1875, anapita ku America mu 1898, naphunzira kenako n'kuphunzitsa pa Livingstone College ku North Carolina. Naye anali mmodzi wa aja obwera ku Columbia nthawi ya tchuthi, ndipo mu 1922 analandira masitala pamodzi ndi dipuloma ya uphunzitsi. Thomas Jesse Jones, mkulu wa zamaphunziro ku Phelps-Stokes Fund, anamutenga kukhala Mwafirika yekhayo m'gulu limene linayendera masukulu a mu Africa. Ulendo woyamba, wa 1920 mpaka 1921, unafika kumadzulo ndi kummwera. Akuti Kamuzu Banda, akugwira ntchito ku Joni, anamumva Aggrey akulankhula ndipo mtima wopita ku America unakula. Ulendo wachiwiri, wa 1924, unafika ku Nyasaland.

Dzina loti Phelps likubweranso apa, ndipo si mwangozi. Thumba la Phelps-Stokes linakhazikitsidwa mu 1911 ndi chuma chimene anasiya Caroline Phelps Stokes, mdzukulu wa Anson Phelps, yemweyo amene Grace Dodge anali mdzukulutuvi wake. Banja limodzi, chuma chimodzi, ndiponso maganizo ofanana: mwana wa wosauka aphunzire ntchito zamanja, ukhondo ndi khalidwe. Jones anatengera nzeru zake ku Hampton ndi Tuskegee, sukulu za anthu akuda kummwera kwa America, ndipo uthenga wake kwa atsamunda ndi amishoni unali woti maphunziro a Mwafirika agwirizane ndi moyo wa kumudzi. Ku Nyasaland gululo linayamikira amishoni a Dutch Reformed ku Nkhoma chifukwa cha ulimi ndi luso lamanja, koma silinasangalale ndi maphunziro a mabuku a ku Livingstonia, komwe Robert Laws ankalota zodzakhala ndi koleji. Linadzudzulanso boma chifukwa choumira ndalama za maphunziro. Mu 1926 boma linatsegula dipatimenti ya maphunziro, ndipo mu 1929 Jeanes Training Centre inayamba ku Domasi mothandizidwa ndi Carnegie Corporation ya ku New York. Dzinalo ndi la Anna Jeanes, mayi wa mpingo wa Quaker amene mu 1907 anapereka madola miliyoni imodzi zothandizira masukulu akumidzi a anthu akuda ku America. Ku Domasi mphunzitsi ankabwera ndi mkazi wake. Bambo akuphunzira kuyendera masukulu a m'midzi, mayi akuphunzira zaukhondo ndi kulera ana. Pambuyo pake mafumu nawo anayamba kuitanidwa ku makosi.

Teachers College siyingathawe mbali yake pankhaniyi. Charles Loram, mzungu wa ku South Africa amene anakhala mlangizi wamkulu pa za maphunziro a anthu akuda kwawoko ndipo anayenda ndi gulu la Jones, udokotala wake anautengera pasukuluyi, ndipo buku lake la 1917 linkalimbikitsa maganizo omwewa. Mabel Carney, mphunzitsi wa za masukulu akumidzi, anayendera Africa mu 1926, ndipo amishoni ambiri akakhala pa tchuthi ankadzakhala m'kalasi mwake. Carney anasintha maganizo m'kupita kwa zaka, nayamba kulimbikitsa ophunzira akuda kuti afike pamwamba penipeni, ndipo pamenepo tiyenera kumupatsa ulemu wake.

Sindikuti zimbudzi, minda ya masamba ndi sikelo ya ana zinali zoipa. Midzi yathu inkazifuna, ndipo aphunzitsi a Jeanes anagwira ntchito yooneka. Chimene chimandiwawa ndi kusiyana kwa mathero. Ku New York, sukulu imene inayamba ndi timatsache inali ikupereka madigiri a udokotala zaka 30 zisanathe, chifukwa palibe amene anaiikira denga. Kwathu kuno ntchito zamanja zinaperekedwa ngati malire. Sekondale yoyamba, Blantyre Secondary School, inadikira mpaka 1940, ndipo University of Malawi inalandira ophunzira ake oyamba mu 1965. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, ndipo opereka aja ankadziwa chimene akuika. Aggrey mwiniwake, amene ankauza Aafirika za ubwino wa khasu, sanasiye kufunafuna digiri yapamwamba. Anabwerera ku New York kuchokera kwawo ku Gold Coast kudzamaliza kulemba za udokotala wake, koma anadwala mwadzidzidzi n'kumwalira ku Harlem pa 30 July 1927. Dzina lake lidakalipo kwathu pa Aggrey Memorial School.

Ufulu utayandikira, njira inatembenuka kwakanthawi. Mu 1961 Teachers College inayamba kusankha ndi kukonzekeretsa achinyamata a ku America okaphunzitsa m'masekondale a Kenya, Uganda ndi Tanganyika, mogwirizana ndi koleji ya Makerere, pansi pa ndondomeko ya Teachers for East Africa. Tsopano amene ankafunidwa anali aphunzitsi a masamu, sayansi ndi Chingerezi, maphunziro omwe aja ankaoneka ngati osayenera Mwafirika.

Lero pasukuluyi pali ophunzira zikwi zingapo, ndipo si onse amene ndi aphunzitsi a m'kalasi. Ena amaphunzira za maganizo a munthu, ena za kadyedwe, za olumala, za chuma cha maphunziro, za ndondomeko za boma. Ambiri ndi anthu akuluakulu, apabanja, ogwira ntchito masana, n'chifukwa chake makalasi ambiri amayamba cha m'ma 5 koloko madzulo n'kutha usiku. Masana m'makonde mumakhala zii. Dzuwa likapendeka mumadzaza anthu othamanga, khofi ali m'manja, ena akuchokera kophunzitsa ku Bronx kapena ku Brooklyn. Nyumba zija, Zankel, Macy, Thompson, Grace Dodge, Russell ndi Horace Mann, zinamangidwa nthawi zosiyana n'kulumikizidwa mkati, moti wachilendo amasokera sabata yonse yoyamba ngati mlendo mumsika wa Lilongwe. Nthawi yozizira mdima umagwa 5 koloko isanakwane, ndipo kwa munthu wochokera kotentha, miyezi ya January ndi February ndiyo mayeso enieni. Mu May omaliza amavala mikanjo yobiriwira mwa mtambo n'kuwoloka msewu uja kukalandira madigiri pamodzi ndi a Columbia onse.

Kalowedwe kake papepala n'kosavuta kumva. Munthu amafunsira pa intaneti ku pulogalamu imodzi imene waisankha, osati ku sukulu yonse. Amatumiza zotsatira za digiri yake yoyamba, zimene kwa wochokera kunja zimayamba zaunikidwa ndi bungwe loona za masatifiketi, makalata a anthu omuchitira umboni, mbiri ya ntchito yake, ndi kalata yofotokoza chimene akufuna kudzaphunzira ndi chifukwa chake. Kalata imeneyi ndi imene imagwetsa ambiri a ife, poti tinaleredwa kuti kudzitchula wekha n'kudzitama, pamene owerenga ake amafuna munthu anene mosapsatira vuto limene waliona m'kalasi ndi chimene akufuna kuchitapo. Ena amafunsidwa mayeso a Chingerezi a TOEFL kapena IELTS, ndipo mapulogalamu ena amafunanso GRE. Wofuna udokotala ayenera kupeza pulofesa amene kafukufuku wake akugwirizana ndi wake, apo ayi pempho lake silipita patali.

Palibenso lamulo lotsekera munthu chifukwa cha khungu kapena chifukwa ndi mkazi. Chimodzi mwa zotsekera zimene zatsala ndi ndalama. Fizi amawerengera pa kirediti, ndipo m'zaka zaposachedwapa kirediti imodzi yafika pafupifupi madola 2,000. Digiri ya masitala imafuna makirediti 30 kapena kuposerapo, ndiye fizi yokha imafika madola 60,000, osawerengera lendi ya ku Manhattan, chakudya ndi inshulansi ya chipatala. Wophunzira wakunja sapatsidwa fomu ya I-20, imene amakapemphera viza ku ofesi ya kazembe wa America, asanaonetse kuti ndalama za chaka choyamba zilipo, ndipo akafika amaloledwa kugwira ntchito ya pasukulu yokha, maola osapitirira 20 pa sabata. Sukuluyi imapereka thandizo, koma kwa a masitala nthawi zambiri limangochepetsa fizi, silimaliza. Motero Mwafirika amalowabe pakhomo lija monga ankalowera akale, atagwidwa dzanja ndi wina: thandizo la maphunziro la Fulbright, bungwe lachifundo, mpingo kapena boma lake, ndipo aliyense wa amenewa ali ndi chimene akufuna kuti wophunzirayo akachite akabwerera.

Mphunzitsi wa ku Domasi, ku Zomba kapena ku Chipata amene akulakalaka kukaphunzira pa 120th Street adziwe kuti chaka cha maphunziro chimayamba mu September, ndipo mafomu a ofuna kuganiziridwa pa thandizo la ndalama amatsekedwa cha mu December ndi January. Ayambe wapeza womulipirira, awerenge bwinobwino zimene womulipirirayo akufuna kwa iye, kenako alembe kalata ija.